Mödlareuth: mudzi wa alimi umene khoma linaudula pakati

Ikafika 3 Okutobala, tsiku limene dziko la Germany limakondwerera kugwirizananso kwake, kapena 9 Novembala, tsiku limene zipata za khoma la Berlin zinatsegulidwa mu 1989, pa wailesi za kanema ndi pa intaneti pamadzaza zithunzi za anthu atakwera pakhoma, ena akuliphwanya ndi nyundo. Zithunzi zimenezi zachititsa ambiri a ife kuganiza kuti khoma la Berlin ndilo linkalekanitsa East Germany ndi West Germany. Sizinali choncho. Mzinda wa Berlin unali m'kati mwenimweni mwa East Germany, ndipo khoma lake, la makilomita pafupifupi 155, linkazungulira West Berlin yokha. Malire a mayiko awiriwo anali kwina, otalika makilomita pafupifupi 1,400, kuchokera ku nyanja ya Baltic kumpoto mpaka kukagunda dziko la Czechoslovakia. Malirewa ankadutsa m'nkhalango, m'madambo, m'minda ya tirigu ndi mbatatesi, ndipo malo ena ankadutsa pakhomo penipeni pa anthu.

Amene anasenza kwambiri katundu wa malire amenewa anali anthu akumudzi, makamaka alimi. Mudzi umene umaonetsa bwino nkhaniyi ndi Mödlareuth, kamudzi ka anthu pafupifupi 50, komwe asilikali a ku America ankakatchula kuti Little Berlin chifukwa nakonso kanali ndi khoma lake la konkire.

Mudziwu uli kuti?

Germany ndi dziko la zigawo 16, ndipo chigawo chilichonse chili ndi boma lake, nduna zake ndi nyumba yake ya malamulo. Mödlareuth ali m'zigawo ziwiri nthawi imodzi. Mbali imodzi ili ku Bayern, chigawo chachikulu chakummwera chomwe likulu lake ndi Munich. Mbali ina ili ku Thüringen. Mapu achingelezi amalemba zigawo ziwirizi kuti Bavaria ndi Thuringia. Chigawo chachitatu, Sachsen, chili pamtunda wa makilomita ochepa chabe kummawa. Tauni yaikulu yapafupi ndi Hof, ndipo msewu waukulu wa Berlin kupita ku Munich umadutsa chakumadzulo kwa mudziwu, pafupifupi pakati pa ulendowo.

Chimene chimalekanitsa mbali ziwirizi ndi kamtsinje kotchedwa Tannbach. Ndi kakang'ono moti malo ambiri munthu wamkulu atha kukalumpha osanyowa. Madzi ake amakathira mumtsinje wa Saale pafupi ndi tauni ya Hirschberg.

Dera lonseli limatchedwa Vogtland. Ndi lazitunda ndi zigwa zosazama, lokwera mamita opitirira 500 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo ndi lozizira kuposa madera ambiri a Germany. Anthu amafika potchula dera la Hof kuti Siberia wa ku Bayern. Nthaka yake ndi yamiyala, yosafanana ndi nthaka yakuda yachonde ya kuzigwa za kumpoto kwa Thüringen. N'chifukwa chake mlimi wa kuno kuyambira kale sankadalira mbewu imodzi. Ankalima balere, tirigu, mbewu ina yofanana ndi tirigu yopirira kuzizira imene amaphikira buledi wakuda, ndi mbatatesi. Malo onyowa a m'mbali mwa mtsinje ankawasiyira udzu. Udzuwo ndi chuma, chifukwa miyezi yachisanu ng'ombe sizituluka m'khola. Zimadya udzu umene mwini wake anamweta n'kuumitsa m'miyezi yotentha ya Juni ndi Julayi. Mlimi wopanda dambo lomwetamo udzu sakanatha kusunga ng'ombe, ndipo wopanda ng'ombe analibe mkaka, manyowa ngakhale chokokera khasu la pulawo. Mfundo imeneyi tiisunge, chifukwa madambo a m'mbali mwa mitsinje ndiwo anadzakhala malire.

Midzi ya kuno inayamba zaka mazana ambiri zapitazo pamene anthu ankagwetsa nkhalango kuti apeze malo olima. Mayina ambiri othera ndi "reuth", monga Bayreuth, Konradsreuth ndi Mödlareuth yemweyu, amasonyeza malo amene anatsegulidwa mwa njira imeneyi. Popeza minda inali yaing'ono ndipo zokolola sizinkakwana chaka chonse, mabanja ambiri a m'derali ankaonjezera ndi ntchito zina: kuwomba nsalu, ntchito imene inatchukitsa Hof, kapena kukagwira ntchito pa fakitale yaikulu yofufuta zikopa ku Hirschberg.

Mudzi wopanda mfumu

Tikamva mawu akuti mudzi timaganiza za nyakwawa, bwalo ndi malo a makolo ogawidwa ndi mfumu. Ku Germany kulibe zimenezi. Malo olima ali ndi mwini wake wolembedwa m'kaundula wa boma, ndipo amagulitsidwa, kubwereketsedwa kapena kusiyidwa ngati cholowa. Kamudzi kakang'ono ngati Mödlareuth sikadziyendetsa kokha. Kamakhala pansi pa khonsolo imene Ajeremani amaitcha Gemeinde, yokhala ndi meya ndi makhansala ochita kusankhidwa. Khonsolo zingapo zimapanga boma laling'ono, ndipo maboma aang'onowo amapanga chigawo.

Apa ndi pamene Mödlareuth amasiyana ndi midzi ina. Mbali ya Bayern ili pansi pa khonsolo ya Töpen, m'boma la Hof. Mbali ya Thüringen ili pansi pa tauni ya Gefell, m'boma la Saale-Orla. Mudzi umodzi, mameya awiri.

Malire amene sankavutitsa munthu

Malire a pa Tannbach sanabwere ndi Asovieti (a dziko lakale la Soviet Union) kapena Aamerika. Ndi akale kwambiri. M'zaka za m'ma 1500, pamene dziko la Germany linali lisanakhaleko ndipo deralo linali la timaufumu tambirimbiri, kamtsinjeka kanakhazikitsidwa kukhala malire pakati pa dziko la olamulira a ku Bayreuth ndi dziko la banja lachifumu la Reuss. Dziko la Bayreuth linadutsa m'manja mwa ufumu wa Chijeremani wa Prussia, kenako France pa nthawi ya Napoleon, mpaka mu 1810 linakhala mbali ya ufumu wa Bayern. Nthawi imeneyo anaimika miyala ya malire m'mbali mwa mtsinje, yolembedwa KB mbali imodzi, kuimira ufumu wa Bayern, ndi FR mbali inayo, kuimira dziko la Reuss. Ina mwa miyalayo ikadalipo. Mu 1871 timaufumu tonseti tinalowa m'dziko limodzi la Germany. Nkhondo yoyamba ya padziko lonse itatha mu 1918 mafumu anatula pansi maudindo, ndipo mu 1920 dziko la Reuss linaphatikizidwa ndi timayiko tina kupanga chigawo cha Thüringen.

Pa zaka zonsezi, zoposa 400, malirewo anali nkhani ya msonkho ndi makalata a boma basi. Sukulu ya mudzi inali imodzi, mbali ya Thüringen, ndipo ana a mbali zonse ankaphunzira kumeneko. Nyumba yodyera ndi kumwera mowa, yomwe m'midzi ya ku Germany ndiyo bwalo lochezerapo, inali mbali yomweyo. Lamlungu onse ankapita ku tchalitchi cha ku Töpen, mbali ya Bayern. Amuna ankaimba m'kwaya imodzi. Ankakwatirana, ndipo si zachilendo m'dera lotere kuti munthu nyumba yake ikhale tsidya lino koma munda kapena dambo lake tsidya linalo.

Amene anayendapo mumsewu wa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu akudziwa moyo wotere. Pa Lizulu, mbali imodzi ya msewu ndi Malawi, inayo ndi Mozambique, koma msika ndi umodzi, chilankhulo ndi chimodzi, maliro ndi maukwati anthu amayenderana. Mödlareuth anali wotero. Tsono taganizani kuti tsiku lina pakati pa msewu wa pa Lizulu paimikidwa mpanda, ndipo wowoloka aomberedwa.

1945: mzere wakale upatsidwa ntchito yatsopano

Nkhondo yachiwiri isanathe, mu 1944, nthumwi za Britain, America ndi Soviet Union zinagwirizana ku London za mmene zidzagawanire Germany akadzagonja. Pojambula zigawo zawo sanavutike kupanga mizere yatsopano. Anatsata malire akale a zigawo. Thüringen anagwera Asovieti, Bayern anagwera Aamerika. Palibe amene ankaganiza za Mödlareuth pa zokambiranazo, koma potsata malire akalewo, kamtsinje ka Tannbach kanasanduka mzere wolekanitsa asilikali a mayiko awiri amphamvu kwambiri padziko lapansi.

Poyamba zinthu zinali zosokonekera. Aamerika ndiwo anafika m'derali mu Epulo 1945 n'kulanda Thüringen, koma mu Julayi anabwerera m'mbuyo monga mwa pangano lija ndipo Asovieti analowa. Ku Mödlareuth Asovieti anatenga mudzi wonse, ndi mbali ya Bayern yomwe, ndipo anabwerera tsidya lawo la mtsinje mu 1946 Aamerika atawaumiriza. Mu 1949 panabadwa mayiko awiri: West Germany mu Meyi, wotsata chuma cha msika ndi zipani zambiri, ndi East Germany mu Okutobala, wotsata chikomyunizimu pansi pa chipani cha SED. Mayina akuti East ndi West asatisokoneze. Pa mapu a deralo, Thüringen ali kumpoto ndipo Bayern ali kummwera.

Ngakhale zinali choncho, kwa zaka zingapo anthu ankawolokabe, ena ndi chiphaso, ena mozemba. Mlimi ankathabe kukafika kumunda wake wa tsidya lina.

1952: chaka chimene mudzi unadukadi

Ambiri amaloweza 1961 ngati chaka chimene Germany anatsekedwa, chifukwa khoma la Berlin linayamba kumangidwa pa 13 Ogasiti chaka chimenecho. Kwa anthu a m'midzi ya m'malire, tsiku lowawa linafika zaka 9 m'mbuyo mwake. Pa 26 Meyi 1952, tsiku limene West Germany anasainira ku Bonn pangano lomuyandikizitsa kwa America, Britain ndi France, boma la East Germany linalamula kuti malire onse atsekedwe.

Lamuloli linagawa dera la m'malire m'mizere itatu. Woyamba unali wa mamita 10 kuchokera pamalire penipeni. Pamenepa ankadula mitengo, kugalauza nthaka n'kuisalaza kuti phazi la aliyense wodutsa lioneke, ndipo wopondapo ankatha kuomberedwa. Wachiwiri unali wa mamita 500. Okhala m'menemu ankayenda panja masana okha, malo omwera ndi ochezera anatsekedwa, ndipo ntchito ya kumunda inkachitika apolisi akudziwa. Wachitatu unali wa makilomita 5, momwe munthu wochokera kwina, ngakhale nzika ya East Germany yomweyo, sankalowa popanda chilolezo chapadera. Okhala m'derali ankakhala ndi chidindo chapadera m'chiphaso chawo. Mbali ya Thüringen ya Mödlareuth inali m'kati mwa mzere wa mamita 500 uja. Kulandira mlendo, ngakhale mchimwene wako wochokera tauni yapafupi, kunkafuna kupempha kaye kuboma.

Mu Juni chaka chomwecho apolisi anayamba kusamutsa mokakamiza mabanja amene boma linkawaona kuti ndi osadalirika: amene anali ndi abale ambiri tsidya lina, amene anadzudzulapo boma, amalonda, eni malo omwera, alimi okhala ndi minda yokulirapo, ngakhalenso amene anangonenezedwa ndi mnansi. Ankawadzidzimutsa m'mamawa, kuwapatsa maola ochepa oti alongedze, n'kuwakweza m'malole ndi m'sitima kupita kumadera a m'katikati mwa dziko. Dzina lachinsinsi la ntchitoyi linali Aktion Ungeziefer, kutanthauza kuchotsa tizilombo towononga, ndipo dzina lokhalo likuonetsa mmene akuluakulu ankawaonera anthuwo. Anthu oposa 8,000 anasamutsidwa mu 1952, ndipo enanso pafupifupi 3,000 mu Okutobala 1961.

Ku Mödlareuth nkhani imene imakumbukika kwambiri ndi ya banja la pachigayo chakumtunda, chigayo choyendera madzi chomwe chinali m'mphepete mwenimweni mwa Tannbach. Banjali linali pa mndandanda wa osamutsidwa. Pa mphindi yomaliza anathawa polumpha kuchokera m'nyumba zawo kugwera mbali ya Bayern, anansi a tsidyalo akuwalandira. Anapulumuka, koma anasiya chigayo, ziweto ndi minda, ndipo pambuyo pake nyumbazo zinagwetsedwa kuti malire aoneke bwino. Malo awowo anatsala tsidya linalo, pamtunda woti mwala utha kufika, koma iwo osathanso kupondapo.

Mu 1952 momwemo pakati pa mudzi panaimikidwa mpanda wamatabwa wotalika kuposa munthu. Ana a mbali ya Bayern anataya sukulu yawo. Akhristu a mbali ya Thüringen anataya njira ya ku tchalitchi cha ku Töpen.

Chifukwa chake chinali chiyani? Boma la East Germany linkati likudziteteza kwa akazitape, owononga chuma ndi ozembetsa katundu ochokera kumadzulo, ndipo n'zoona kuti nthawi imeneyo mbali zonse ziwiri zinkatumizirana akazitape ndipo malonda ozembetsa anali ambiri. Boma la West Germany linkati cholinga chinali kutsekera anthu m'dziko mwawo. Ziwerengero zimasonyeza kukula kwa vuto limene East Germany anali nalo: kuyambira 1949 mpaka 1961 anthu pafupifupi 2.7 miliyoni anachoka kupita kumadzulo, ambiri mwa iwo achinyamata, amisiri, madokotala, aphunzitsi ndi alimi. Zotchinga zambiri za m'malirewo zinakonzedwa moyang'ana munthu wochokera m'kati.

Khoma la 1966

Mpanda wamatabwa unalowedwa m'malo ndi waya waminga, wayayo n'kumaonjezeredwa chaka ndi chaka. Mu 1966 asilikali a m'malire anamanga khoma la konkire lotalika mamita pafupifupi 700 m'litali, msinkhu wake wopitirira mamita atatu. Panali nsanja za alonda, ndi magetsi owala usiku wonse.

M'madera ambiri a malirewa munali mipanda yachitsulo, mabomba okwirira, agalu, ndipo kuyambira m'ma 1970 mpaka 1984 munalinso zida zodziwombera zokha munthu akagunda waya. Khoma la konkire ankalimanga m'malo ochepa pomwe nyumba zinali pafupi kwambiri ndi malire. Ntchito yake sinali kutchinga miyendo yokha. Linkatchinganso maso. Anthu a mbali ya East Germany ankaletsedwa kupereka moni kapena kubayibitsa aliyense wa tsidya lina. Kwa ine ichi ndicho chinthu chovuta kwambiri kuchimeza m'nkhani yonseyi, kuposa kutalika kwa khomalo: munthu kumuona mbale wake ali pakhomo pake, n'kuyang'ana kumbali ngati sakumudziwa, chifukwa mlonda ali pansanja.

Kuti abale a mbali ziwirizi aonane, pankafunika zikalata ndi ulendo wozungulira kudzera pa zipata zovomerezeka, monga cha pamsewu waukulu pakati pa Rudolphstein ndi Hirschberg kapena cha sitima pa Gutenfürst. Ngakhale mayiko awiriwa atasainirana pangano mu 1972 lomwe linafewetsa maulendo, mlendo wa kumadzulo sankaloledwa wamba kulowa m'dera lotsekedwa lija. Achibale ankakumana ku tauni ina kunja kwa deralo, pomwe nyumba zawo zinali zoyang'anizana.

Munthu mmodzi yekha ndiye amadziwika kuti anakwanitsa kudumpha khoma la Mödlareuth. Munali mu 1973. Anali dalaivala amene ntchito yake inkamulola kulowa m'dera la malire. Anaimika galimoto m'mphepete mwa khoma, n'kuika makwerero padenga la galimotoyo, n'kutsikira ku Bayern. M'malire onse a mayiko awiriwa, anthu mazana angapo anafa poyesa zomwezo.

Mbali ya Bayern moyo unali waufulu koma wa kumathero a dziko. Misewu imene kale inkapita ku Thüringen ndi Sachsen inkathera pa chikwangwani chochenjeza. Apolisi a m'malire ndi asilikali a ku America ankalondera. Kunkabwera mabasi a alendo odzaona khoma, ndi akuluakulu a ndale. Mu 1983 kunafika George Bush wamkulu, pa nthawiyo ali wachiwiri kwa pulezidenti wa America.

Minda iwiri, njira ziwiri

Mbiri ya mudzi wa alimi siikwana tikapanda kufunsa chimene chinachitikira minda. Pa zaka 40 mbali ziwirizi zinatsata njira zosiyana kotheratu.

Kummawa, kusintha kunayamba mu 1945 pamene minda yonse yopitirira mahekitala 100 inalandidwa n'kugawidwa kwa anthu opanda malo ndi othawa nkhondo. Izi zinakhudza kwambiri eni minda ikuluikulu, osati alimi ang'onoang'ono. Chimene chinafika pakhomo pa mlimi wamba chinayamba mu 1952: makopaletivi a ulimi, odziwika ndi zilembo zakuti LPG. Mlimi ankapereka munda wake, kenako ziweto ndi zipangizo, kuti zilimidwe pamodzi, iye n'kukhala membala wolandira malipiro. Pa pepala malo ankakhalabe ake, koma analibe mphamvu yosankha chodzala kapena kutulukamo. Poyamba kulowa kunali kodzifunira. Pofika kumayambiriro kwa 1960 magulu okopa anthu ankazungulira midzi usana ndi usiku mpaka pafupifupi alimi onse analowa, ena n'kuthawira kumadzulo, ena kudzipha. Milambala ya pakati pa minda inafafanizidwa, timinda tambirimbiri n'kukhala chimunda chimodzi cholimidwa ndi mathalakitala akuluakulu.

Anthu amene anakhalamo m'makopaletiviwa sanena chimodzi. Ena amakumbukira kulandidwa cholowa cha makolo ndi kulamulidwa ndi anthu osadziwa nthaka. Ena, makamaka amayi ndi amene kale anali aganyu, amakumbukira malipiro okhazikika, maola odziwika a ntchito, tchuthi ndi sukulu za mkaka za ana, zinthu zimene mlimi woweta yekha ng'ombe zamkaka sazidziwa. Zonse ziwiri ndi zoona, ndipo nthawi zina zimachokera m'banja limodzi.

Kumadzulo munda unakhalabe wa banja. Boma linkathandiza ndi ngongole, mitengo yotetezedwa pansi pa ndondomeko ya ulimi ya mayiko a ku Ulaya imene inayamba mu 1962, ndi thandizo lapadera la madera a m'malire lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo mu 1971. Komabe msika unali ndi nkhanza zake. Thalakitala ndi makina okamira mkaka zinkafuna ndalama zimene munda waung'ono sukanabweza. Chaka ndi chaka mabanja ankasiya ulimi, kubwereketsa minda kwa mnansi, bambo n'kukalowa ntchito ku fakitale, kumalima madzulo ndi Loweruka lokha. Ana ambiri ankapita ku Nürnberg kapena ku Munich osabwereranso.

Mayiko atagwirizana, lamulo la 1990 linalola mamembala a LPG kutenga malo awo. Ena anayambiranso kulima paokha, koma ambiri anali atakalamba, analibe makina, kapena anali atazolowera ntchito imodzi yokha monga kuyendetsa thalakitala kapena kusamala ng'ombe. Choncho makopaletivi ambiri anangosintha kukhala makampani kapena makopaletivi a mtundu watsopano, n'kumabwereka malo kwa eni ake, ndipo antchito ochuluka anachotsedwa. Zotsatira zake zikuoneka mpaka lero: ku Bayern munda wa mlimi mmodzi, tikagawa mofanana, ndi mahekitala pafupifupi 36, pomwe ku Thüringen ndi opitirira 200. Pa zithunzi zojambulidwa kuchokera mumlengalenga, malo ambiri munthu atha kulondola pomwe panali malire pongoona kukula kwa minda.

Mwezi umodzi pambuyo pa Berlin

Zochitika za 1989 zinadutsa pafupi kwambiri ndi mudziwu. Pa 1 Okutobala sitima zonyamula nzika za East Germany zimene zinabisala ku ofesi ya kazembe wa West Germany ku Prague, likulu la Czechoslovakia, zinafika pa siteshoni ya Hof. Pa 7 Okutobala anthu zikwizikwi anachita zionetsero ku Plauen, tauni ya ku Sachsen yomwe siili kutali, ndipo patapita masiku awiri anthu pafupifupi 70,000 anayenda m'misewu ya Leipzig. Pa 9 Novembala zipata za Berlin zinatseguka.

Khoma la Mödlareuth linakhalabe chitsekere. Anthu a mbali ziwirizi tsopano ankaloledwa kuyenderana, koma mozungulira pa galimoto. Anthu a m'mudzimo atakakamiza, pa 9 Disembala 1989 anaboola pakhomapo kakhomo ka oyenda pansi. Pa 17 Juni 1990, tsiku lokumbukira kuukira boma kwa anthu a ku East Germany mu 1953, chigalimoto chokumbira chinagwetsa mbali yaikulu ya khomalo. Pa 3 Okutobala 1990 Germany anakhalanso dziko limodzi.

Chigawo cha khomalo cha mamita pafupifupi 100 anachisiya dala, pamodzi ndi nsanja ndi mipanda, ndipo pamalopo pali nyumba yosungiramo mbiri yotchedwa Deutsch-Deutsches Museum Mödlareuth. Chaka chilichonse kumabwera alendo zikwi makumi angapo, ambiri a iwo ana asukulu.

Chimene chatsala

Khoma linagwa, koma malire a Bayern ndi Thüringen akadali pa Tannbach. Mbali ziwiri za mudziwu zili ndi manambala a positi osiyana ndi manambala oyambira a foni zapansi osiyana. Manambala a galimoto za mbali ya Bayern amayamba ndi zilembo za HO, a mbali ya Thüringen SOK. Anthu amavotera nyumba za malamulo za zigawo zosiyana, ndipo popeza maphunziro ku Germany amayendetsedwa ndi zigawo, ana oyandikana nyumba amatsekera sukulu masiku osiyana. Ngakhale moni ndi wosiyana: ku Bayern amati Grüß Gott, ku Thüringen amati Guten Tag. Zimenezi sizitchinga munthu kuwoloka mlatho. Zikondwerero za mudzi amachitira limodzi monga kale.

Mavuto a mudziwu lero ndi a midzi yambiri ya ku Germany, kummawa ndi kumadzulo komwe: achinyamata ochepa, okalamba ambiri, sitolo ndi dokotala zili kutali, ndipo mabanja odalira ulimi wokha atsala owerengeka. Fakitale ya zikopa ya ku Hirschberg inatsekedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, monganso mafakitale ambiri a kummawa, ndipo anthu ochuluka a mbali ya Thüringen anayamba kukagwira ntchito ku Bayern.

Kamzere ka malo komwe kale kunali mipanda kanapeza ntchito ina. Popeza kwa zaka pafupifupi 40 sikankalimidwa, kuthiridwa feteleza kapena mankhwala, mbalame, agulugufe ndi zomera zimene zinasowa m'minda ya mbali zonse ziwiri zinapulumukira m'menemo. Akatswiri a zachilengedwe a ku Bayern anali ataziona kale zimenezi poyang'ana ndi zoonera patali. Pa 9 Disembala 1989, tsiku lomwelo limene kakhomo ka ku Mödlareuth kanatsegulidwa, oteteza chilengedwe a mbali zonse ziwiri anakumana ku Hof n'kupempha kuti malo onse a malire akale asungidwe ngati lamba wobiriwira, Grünes Band m'Chijeremani. Sikuti aliyense anagwirizana nazo nthawi yomweyo. Mabanja amene analandidwa malo a m'malire ankafuna abwezeredwe, ndipo m'zaka zoyambirira mbali zina za lambayo zinalimidwa kapena kudutsidwa ndi misewu yatsopano. Mu 2018 nyumba ya malamulo ya Thüringen inaika chigawo chake cha lambayo, chotalika makilomita 763, pansi pa chitetezo cha lamulo, ndipo malo ambiri amasamalidwa ndi alimi a m'deralo amene amamweta udzu kapena kudyetsamo nkhosa ndi ng'ombe kuti tchire lisatseke.